Mkono wa Satchel Paige ndi mbiri ya anthu akuda mu baseball

Kuno kwathu munthu akati mpira, timadziwa kuti akunena wamiyendo kapena wa ntchemberembaye. Ku America, ku Cuba, ku Dominican Republic ndi ku Japan kuli mpira wina umene anthu amaufera, wotchedwa baseball. Timu imalowa m'bwalo ndi anthu 9. Pakati pa bwalolo pali kachulu, ndipo pa kachulupo pamaima munthu amene ntchito yake ndi kuponya kampira kolimba, kokwana m'dzanja, kwa mnzake wowakha amene amanjuta pamtunda wa mamita 18 ndi pang'ono. Patsogolo pa wowakhayo pamaima mdani atagwira chibonga. Mdaniyo akaumenya mpira amathamanga kuzungulira ngodya zinayi za bwalo, ndipo akabwerera pomwe anayambira ndiye kuti wagoletsa. Akauphonya katatu, watuluka. Akatuluka anthu atatu, matimu amasinthana, mpaka magawo 9 atakwana. Choncho mwini masewera ndi woponya. Mkono wake ukadzuka bwino, adani amaweruka osagoletsa olo chimodzi.

Mwa oponya onse amene dziko la America linabala, palibe amene nkhani zake zimasimbidwa kwambiri kuposa Leroy Paige, amene ambiri amamudziwa ndi dzina loti Satchel. Mbiri yake ili pawiri: ina ili m'mabuku, ina inatsala pakamwa pa anthu. Chimene chinaigawa choncho ndi tsankho.

Masewera asanadziwe khungu

Baseball inaphukira ku masewera akale a ndodo ndi mpira amene anthu ochokera ku England anawoloka nawo nyanja. Kalabu ya Knickerbocker ya ku New York inalemba malamulo ake mu 1845. Pa nkhondo yapachiweniweni ya 1861 mpaka 1865, ija inathetsa ukapolo, asilikali ankasewera m'misasa, ndipo pobwerera kwawo anafalitsa masewerawa m'dziko lonse. Mu 1869 timu ya Cincinnati Red Stockings inayamba kulipira osewera ake onse poyera, ndipo mu 1876 kunabadwa National League, imene ilipobe mpaka lero.

Anthu akuda analimo kuyambira pachiyambi. Mu 1884 Moses Fleetwood Walker ankawakhira timu ya Toledo mu ligi yaikulu, pamodzi ndi azungu. Koma mu July 1887 mtsogoleri wa timu ya Chicago, Cap Anson, anakana kulowa m'bwalo ngati timu ya Newark iponyetsa George Stovey, woponya wakuda. Chaka chomwecho International League inagwirizana zoleka kulemba osewera akuda atsopano. M'maligi aakulu lamulo lotere silinalembedwe papepala. Eni matimu anangomvana okhaokha, ndipo chitseko chinatsekeka zaka 60. Mu 1896 khothi lalikulu la dzikolo linavomereza kuti azungu ndi anthu akuda azikhala padera m'sitima, ndipo chigamulochi chinalimbitsa tsankho m'sukulu, m'mahotela ndi m'malo odyera. Imeneyi ndi America imene a John Chilembwe anaipeza atapita kukaphunzira ku Lynchburg, m'chigawo cha Virginia, mu 1897.

Mwana wa ku Mobile

Mobile ndi mzinda wa padoko m'chigawo cha Alabama. Kumeneku n'kumene kunakocheza Clotilda mu 1860, chombo chomaliza chodziwika kuti chinabweretsa akapolo ku America, chitanyamula anthu pafupifupi 110 ochokera ku West Africa. Atamasulidwa, anthuwa anamanga mudzi wawo wotchedwa Africatown, ndipo mmodzi wa iwo, Cudjo Lewis, anakhala moyo mpaka 1935. Ndiye kuti Paige anakulira mumzinda umene okalamba ena ankakumbukirabe midzi yawo ya ku Africa.

Bambo ake, a John, ankagwira ntchito yosamalira maluwa ndi kapinga kunyumba za anthu. Mayi ake, a Lula, ankachapa ndi kugwira ntchito zapakhomo. Za tsiku limene anabadwa, mwiniwake ankasintha nkhani malinga ndi womufunsa. Nthawi zina ankati chaka chake chinalembedwa m'Baibulo la banja, koma Baibulolo linadyedwa ndi mbuzi. Kalata ya boma imene inapezeka pambuyo pake imati 7 July 1906.

Ali wamng'ono ankanyamula zikwama za apaulendo pasiteshoni ya sitima. Iye ankasimba kuti anapanga mtengo wokolekapo zikwama zambiri nthawi imodzi kuti apeze makobidi ochuluka, ndipo dzina loti Satchel, la chikwama, linachokera pamenepo. Mnzake wina wa paubwana ankati ayi, dzinalo linabwera atagwidwa akuthawa ndi chikwama cha mwini. Luso loponya analiyambira pa miyala, monga amachitira anyamata a ku Nsaru kapena ku Kabudula pogenda mango ali kunsonga. Mu July 1918, ali ndi zaka 12, anagwidwa ataba m'sitolo, ndipo poti ankajombanso kusukulu, anamutumiza kusukulu yosungirako ana akuda olakwa ku Mount Meigs. Anakhalako zaka zisanu ndi miyezi ingapo. Kumeneko n'kumene anaphunzira kukweza mwendo m'mwamba poponya kuti womenya asaone kumene mpira ukuchokera, ndiponso kuwerenga maimidwe a mdani. Anatuluka kumapeto kwa 1923 ali mnyamata wamtali, woonda, wa mapazi aakulu.

Msamuko waukulu ndi ligi ya anthu akuda

Pa nthawi imene Paige anali ku Mount Meigs, anthu akuda anali pa ulendo. Kuyambira cha m'ma 1910 mpaka 1970, anthu pafupifupi 6 miliyoni anachoka m'zigawo za kummwera, kuthawa minda ya thonje ya eni ake, ngongole zosatha ndi kuphedwa popanda mlandu. Anakakhala ku Chicago, Detroit, Pittsburgh, Cleveland, New York ndi Kansas City, kumene kunali ntchito m'mafakitale a zitsulo, a magalimoto ndi ophera ng'ombe. Munthu amene kale ankalima tsopano ankalandira malipiro pa sabata, ndipo Lamlungu akatuluka m'tchalitchi ankafuna kopita atavala suti yake.

Amene anaona mwayi pamenepa anali Rube Foster, yemwenso pa unyamata wake anali woponya woopsa. Pa 13 February 1920 anasonkhanitsa eni matimu a anthu akuda ku Kansas City, ndipo anakhazikitsa Negro National League. Matimuwa ankadyetsa anthu ambiri: oyendetsa mabasi, eni malo ogona, ophika, atolankhani a nyuzipepala za anthu akuda monga Chicago Defender ndi Pittsburgh Courier.

Paige anayambira ku timu ya kwawo ya Mobile Tigers. Mu 1926 anamutenga a timu ya ku Chattanooga, ndipo mu 1927 anamugulitsa ku Birmingham Black Barons. Mbiri yake inathamanga kuposa basi imene ankakwera. Eni timu anazindikira kuti dzina lake lokha limadzaza bwalo, ndiye anayamba kumubwereketsa ku matimu a m'matauni ang'onoang'ono, iye n'kumalandirako gawo la ndalama za pakhomo.

Umoyo wake unali wa pamsewu. Masewera a ligi anali ochepa. Ndalama zenizeni zinali m'masewera oyendayenda, lero tauni ino, mawa ina, nthawi zina masewera awiri kapena atatu tsiku limodzi. Mahotela ambiri sankalola munthu wakuda, choncho osewera ankagona m'basi kapena m'nyumba za anthu achifundo, ndipo chakudya ankagulira kukhomo lakuseri. Masewera ambiri otere panalibe wolemba zotsatira. Zimene zinatsala ndi nkhani za amene anaonerera: kuti Paige ankauza anzake oteteza kumapeto kwa bwalo kuti abwere adzakhale pansi, iye n'kutulutsa omenya onse yekha, kuti ankalonjeza kutulutsa omenya 9 oyamba, apo ayi anthu abwezeredwe ndalama zawo, kuti pokonzekera ankaika kapepala ka chingamu pansi n'kumadutsitsa mpira pamwamba pake mobwerezabwereza. Mwiniwake ankati anaponya masewera oposa 2,500 ndipo anapambana pafupifupi 2,000.

Zaka zimenezi n'zomwenso a Hastings Kamuzu Banda anali ku America. Anamaliza maphunziro pa University of Chicago mu 1931, ndipo udokotala anauphunzira ku Meharry Medical College ku Nashville, koleji ya anthu akuda, mpaka 1937. Mizinda iwiri yonseyi inali ndi matimu a ligi za anthu akuda, Chicago American Giants ndi Nashville Elite Giants. Tsankho limene linapatula sukulu ya madokotala ndi lomwelo linapatula mabwalo a mpira.

Zaka za mphamvu

Mu 1931 Paige anafika ku Pittsburgh Crawfords, timu ya Gus Greenlee, munthu wakuda wolemera amene anamanga bwalo lakelake mu 1932. Kumeneko anakumana ndi Josh Gibson, wowakha komanso womenya amene analibe mnzake, ndiponso Oscar Charleston, Judy Johnson ndi Cool Papa Bell. Pa 4 July 1934, posewera ndi Homestead Grays, palibe mdani ndi mmodzi yemwe amene anamenya mpira wa Paige n'kupulumuka nawo. Mwa anthu 27 ofunika kutuluka, 17 anawatulutsa ndi mkono wake wokha.

Paige sankakhalitsa pamalo. Akamva kuti kwina kuli ndalama zochuluka, ankanyamuka, kontirakiti ili apo. Anakaponyera timu ya ku Bismarck, ku North Dakota, imene inali yosakaniza azungu ndi akuda, ndipo mu 1935 timuyi inatenga chikho cha dziko lonse cha matimu apakati ku Wichita. Nyengo ya ligi ikatha, akatswiri achizungu ankapanga matimu oyendayenda n'kumasewera ndi akuda, poti anthu ankalipira kuti aone amene ali dolo. Dizzy Dean, amene mu 1934 anapambana masewera 30 ku St. Louis Cardinals, anakumana ndi Paige kangapo ndipo ankamutama poyera. Kumayambiriro kwa 1936 Paige anaponyera Joe DiMaggio, mnyamata amene anali pafupi kuyamba ku New York Yankees. Patapita zaka DiMaggio ananena kuti sanakumanepo ndi woponya woposa ameneyu. Choncho eni matimu achizungu sanganene kuti sankadziwa. Ankadziwa, koma chitseko anachisiya chotseka.

Mu 1937 anthu a Rafael Trujillo, wolamulira wankhanza wa Dominican Republic, anabwera ndi madola 30,000 kuti Paige abwere ndi anzake adzasewerere timu ya likulu la dzikolo, limene Trujillo analitcha dzina lake lomwe. Paige anatenga Bell ndi ena, Gibson n'kutsatira, ndipo Crawfords sinadzukenso bwino. Paige ankasimba kuti asilikali a mfuti ankawalondera, ndipo usiku woti mawa ndi masewera otsiriza anawagoneka m'chitokosi kuti asakayende. Chikho anatenga, n'kuchoka msangamsanga. Mu October chaka chomwecho asilikali a Trujillo anapha anthu zikwizikwi ochokera ku Haiti kumalire a dzikolo.

Chaka chotsatira anapita ku Mexico, ndipo kumeneko mkono unafa. Sankatha ngakhale kuukweza bwino. Matimu amene ankamulimbirana aja anamutaya. Amene anamutola anali J. L. Wilkinson, mzungu mwini Kansas City Monarchs, amene anamuika mu timu yachiwiri yoyendayenda kuti dzina lake lizikopa anthu. Poti liwiro linali litapita, Paige anaphunzira nzeru: mpira wokhota, mpira wochedwa, ndi kaponyedwe koima kaye pakati phazi litaponda kale, womenya n'kutaya chibonga mpira usanafike. Kenaka mu 1939 mkono unabwerera. Nyengo ya 1939 mpaka 1940 ku Puerto Rico anapambana masewera 19, n'kugonja atatu okha.

Mu 1942 Monarchs inakwapula Homestead Grays masewera anayi otsatizana pa mpikisano wa akatswiri a ligi za anthu akuda. Pamenepa pali nkhani imene imaonetsa mmene mbiri ya pakamwa imakulira. Paige ndi mnzake Buck O'Neil ankasimba kuti Paige analola dala omenya awiri kudutsa kuti akumane ndi Gibson ngodya zonse zili zodzaza, n'kumamuuziratu mpira umene aponye. Nyuzipepala za nthawiyo zimavomereza kuti ngodya zinali zodzaza ndipo Gibson anatuluka ndi mipira itatu, koma za kudutsitsa anthu dala sizitchula.

Chitseko chitseguka mochedwa

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, zinali zovuta kufotokoza chifukwa chimene munthu woti anakamenyera dziko nkhondo sangasewerere timu ya mumzinda wake. Mu 1945 Branch Rickey wa Brooklyn Dodgers anasankha Jackie Robinson, mnyamata wophunzira amene anali msilikali, yemwe chaka chimenecho ankasewera limodzi ndi Paige ku Monarchs. Robinson analowa m'bwalo la ligi yaikulu pa 15 April 1947. Gibson sanalione tsikuli. Anamwalira mu January chaka chomwecho ali ndi zaka 35. Paige anayamikira Robinson pagulu, koma m'buku la moyo wake la mu 1962 anavomera kuti zinamupweteka, poti amene anadzaza mabwalo zaka 20 anali iyeyo.

Mwayi wake unafika pa 7 July 1948, tsiku limene ankakwanitsa zaka 42, pamene Bill Veeck wa Cleveland Indians anamulemba. Nyuzipepala ya The Sporting News inati ichi n'chionetsero chongokopera anthu. Paige anayankha ndi mkono. Pa 20 August anthu 78,382 anadzaza bwalo la Cleveland, ndipo anagonjetsa Chicago White Sox 1 kwa 0. Nyengo imeneyo anapambana masewera 6, n'kugonja amodzi. Akuluakulu a ligi analetsa kaponyedwe kake koima kaye kaja. Cleveland inatenga chikho cha World Series, ndipo Paige anakhala munthu wakuda woyamba kuponya pa mpikisanowu. Kuyambira 1951 mpaka 1953 anali ku St. Louis Browns, ndipo kawiri anasankhidwa m'gulu la akatswiri a ligi ali ndi zaka zoposa 45.

Walira mvula walira matope. Osewera akuda atayamba kulowa m'maligi aakulu, oonerera akuda anawatsatira. Rickey sanalipire Monarchs kalikonse potenga Robinson. Negro National League inatha mu 1948, ndipo ligi ina ya anthu akuda inakwawa mpaka cha m'ma 1960. Osewera ochepa anakwera, koma eni matimu akuda, makochi awo ndi mabizinesi amene ankadalira masewera a Lamlungu anagwa. Panapita zaka zambiri munthu wakuda asanapatsidwe timu ya ligi yaikulu kuti aitsogolere. Woyamba anali Frank Robinson, mu 1975.

Paige anapitiriza kuponya kulikonse kumene kunali omulipira. Pa 25 September 1965, ali ndi zaka 59, timu ya Kansas City Athletics inamuitana kuti aponye tsiku limodzi. Anamukhazika pampando wa agogo wogwedera, namwino akumupaka mankhwala pamkono, kuti anthu aseke. Atakwera pa kachulu anaponya magawo atatu, ndipo Boston Red Sox sinagoletse. Amene anamenya mpira wake bwino anali Carl Yastrzemski yekha. Mu 1968 Atlanta Braves inamulemba kuti akwanitse masiku 158 amene ankaperewera kuti azilandira penshoni. Mu 1971 analowa m'nyumba ya ulemu ya baseball ku Cooperstown, woyamba kusankhidwa chifukwa cha zimene anachita mu ligi za anthu akuda. Poyamba akuluakulu ankafuna kumuika m'chigawo chapadera, koma anthu atadandaula kuti limenelo ndi tsankho lomwe lija, anasintha maganizo. Anamwalira ku Kansas City pa 8 June 1982.

Zolemba zifika pambuyo

Buku la maligi aakulu kwa zaka zambiri linkangoti Paige anapambana masewera 28 n'kugonja 31. Munthu wongowerenga manambala amenewa akanati anali woponya wamba. Panafunika anthu opirira kufufuza nyuzipepala zakale za anthu akuda, tsamba ndi tsamba, komanso okalamba ngati Buck O'Neil, amene anathandiza kukhazikitsa nyumba yosungiramo mbiri ya ligizi ku Kansas City mu 1990. Mu December 2020 bungwe la Major League Baseball linavomereza kuti ligi zisanu ndi ziwiri za anthu akuda za pakati pa 1920 ndi 1948 zinali ligi zazikulu, ndipo mu May 2024 manambala awo analowetsedwa m'buku limodzi ndi a azungu. Pamenepo Josh Gibson anadumpha Ty Cobb, amene anali patsogolo, n'kukhala pamwamba pa omenya onse. Koma zimene zinalowa ndi zokhazo zimene zinapezeka zolembedwa. Masewera mazanamazana a m'matauni ang'onoang'ono aja anapita ndi anthu amene anawaonerera.

Masewerawa tsopano afika ku Africa, ngakhale pang'onopang'ono. Mu 2012 ana a ku Lugazi, ku Uganda, anakhala timu yoyamba ya mu Africa kusewera pa Little League World Series. Gift Ngoepe wa ku South Africa, amene anakulira m'kachipinda ka pa kalabu ya baseball ku Randburg kumene mayi ake ankagwira ntchito, analowa mu ligi yaikulu ndi Pittsburgh Pirates pa 26 April 2017. Woponya Tayler Scott, mzungu wobadwira ku Johannesburg, anatsatira mu 2019 ndi Seattle Mariners, ndipo mu 2022 Los Angeles Dodgers inalemba anyamata awiri a ku Uganda.

Vuto la mbiri yosalembedwa silili kutali nafe. Mu 2012 Lionel Messi atagoletsa zigoli 91 m'chaka chimodzi, a ku Zambia anakumbutsa dziko kuti Godfrey Chitalu wa Kabwe Warriors anagoletsa 107 mu 1972. FIFA inayankha kuti sisunga zolemba za maligi a m'maiko, choncho singatsimikize. Umboni unachita kufufuzidwa m'nyuzipepala zakale, mwiniwake atamwalira kale pa ngozi ya ndege ku Gabon mu 1993.

Loweruka ndi Lamlungu lililonse pa mabwalo a sukulu ku Namitete, Mpingu, Nambuma ndi kwina kumachitika zikho ndi mabonanza, ndipo akulu a m'midzi imeneyi angakutchulireni goloboyi kapena wogoletsa wa kalekale amene amati analibe mnzake. Mukawafunsa kuti anasewera masewera angati, yankho limasowa. Inu aphunzitsi a zamasewera, alembi a matimu ndi okonza zikho, gulani kope. Lembani tsiku, maina a osewera, ogoletsa ndi zotsatira, ndipo kopelo lisungidwe kusukulu kapena kwa amfumu. Okalamba amene akukumbukira zakale afunseni akadali moyo.